Nyimbo Imene Inatchona: Mbiri ya 'O Sole Mio

MAU OYAMBA

M'mwezi wa January 1898 asilikali a Angerezi analowa m'dziko la Mpezeni, nagonjetsa Angoni, nalanda ng'ombe zawo zikwi zambiri. Ndipo mwezi wotsatira anawombera Nsingo, mwana wa mfumuyo. Kwa makolo athu a kuno kwa Mavwere, ndi a midzi yonse ya m'boma limene Azungu analitcha Fort Manning, ife tikuti Mchinji, chimenecho chinali chaka cha mfuti ndi cha kusintha kwa ulamuliro. M'chaka chomwecho, kutali kutsidya kwa nyanja zamchere, mu mzinda wa Naples m'dziko la Italy, munabadwa kanthu kopanda mfuti ndi kopanda asilikali: nyimbo ya ndime zitatu yotchedwa 'O sole mio, ndiko kunena kuti "Dzuwa langa."

Ulamuliro wa amene anapambana nkhondo ija unatha kuno mu 1964, koma nyimboyo ikali moyo kufikira lero. Mukafunsa mkulu wa kwathu ngati aidziwa nyimbo ya dzina limeneli, kapena adzakana. Koma mukamng'ung'udzira chuni chake, ambiri a iwo amene anali anyamata m'zaka za m'ma 1960 adzagwedeza mutu, pakuti anachimva m'nyimbo ya Elvis Presley yotchedwa It's Now or Never, osadziwa kuti chinali chitakalamba kale asanabadwe Elvisyo.

Tsono m'nkhani ino tifuna kulondola mapazi a nyimboyi, ndipo tidzaona chinthu chimodzi chodabwitsa: nyimbo imakhala ndi moyo chifukwa cha kuyenda, koma poyendapo imaiwala mwini wake. Mlandu umenewu si wa Ataliyana okha ayi. Ukhudzanso nyimbo zathu.

KUMENE INABADWIRA

Naples ndi mzinda waukulu wa m'mbali mwa nyanja, chakum'mwera kwa Italy, pafupi ndi phiri lotulutsa moto lotchedwa Vesuvius. Anthu ake ali ndi chilankhulo chawo-chawo, chosiyana ndi Chitaliyana chimene ana aphunzira m'sukulu, ndipo nyimbo yathuyi inalembedwa m'chilankhulo cha kumudzi chimenecho. Chaka ndi chaka, mwezi wa September, mzindawo unkachita chikondwerero cha Piedigrotta, pamene opeka nyimbo ankatulutsa nyimbo zawo zatsopano ndi kupikisana, monga magulu a mganda apikisana pa bwalo anthu atatha kukolola.

Amene analemba mau anali Giovanni Capurro, mlakatuli ndi mtolankhani wosauka, wobadwa mu 1859. Mau akewo si ozama. Ayamikira kukongola kwa dzuwa limene latuluka mkuntho utapita, kenaka anena kuti liliponso dzuwa lina loposa limenelo, ndilo nkhope ya mkazi wokondedwa. Amene anadziwika kuti ndiye anaika chuni anali Eduardo di Capua, wobadwa mu 1865, mwana wa woimba vayolini, choimbira cha zingwe chokwecha ndi uta monga kaligo wathu. Nkhani imene yasimbidwa zaka zambiri imati di Capua anali pa ulendo woimba pamodzi ndi atate wake ku Odessa, m'mbali mwa Black Sea, ndipo m'mawa wina, poona dzuwa pa madzi, anakumbuka kwawo napeka chunicho. M'tsogolomu tidzaona kuti bwalo la milandu linaonjezapo mau ena pa nkhani imeneyi.

Pa mpikisano wa chaka chimenecho nyimboyi sinapambane, inakhala yachiwiri. Imene inapambana yaiwalika, ndipo ndi owerengeka okha amene angatchule dzina lake. Masiku amenewo wopeka nyimbo ankaigulitsa kwa wosindikiza, nalandira ndalama zake kamodzi kokha, monga munthu agulitsa mbuzi: ikaswa ana, anawo ndi a wogula. Nyimboyi inagulidwa ndi nyumba yosindikiza ya Bideri pa mtengo wochepa. Di Capua anatsiriza moyo wake akuimba piyano m'nyumba za bayisikopo, m'masiku a zithunzi zosalankhula, namwalira wosauka mu 1917. Capurro anamtsatira mu 1920, nayenso ali wosauka.

MMENE INAOLOKERA NYANJA

Kodi nyimbo ya m'chilankhulo cha mzinda umodzi inafika bwanji ku dziko lonse lapansi? Yankho loyamba ndi umphawi. Kum'mwera kwa Italy minda inali ya eni chuma, misonkho inali yolemera, ndipo ntchito inali yosowa. Chifukwa chake anthu anakwera sitima za pamadzi kunka ku America, ku Argentina ndi ku Brazil. Pakati pa 1880 ndi 1920 Ataliyana oposa mamiliyoni 4 analowa m'dziko la United States lokha, ambiri a iwo ochokera kum'mwerako. Anakumba misewu ndi migodi, namanga njanji ndi nyumba zazitali, nakhala mothithikana m'tizipinda ta m'mizinda yozizira ngati New York. Kwa munthu wotere, nyimbo yonena za dzuwa la kwawo ndi nkhope ya wokondedwa sinali yongosangalatsa chabe. Inali mudzi wake umene anaunyamula pakhosi.

Ife a dziko lino sitifunika kutimasulira zimenezi. Msonkho wa nyumba utayamba, amuna a kuno anapita ku minda ya fodya ya ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata. Ena ku Salisbury ndi ku Bulawayo. Ena ku migodi ya mkuwa. Ena analembedwa ndi Wenela kunka ku Johannesburg. Ena anabwera, ena sanabwere, ndipo osabwerawo tinawatcha matchona. Akulu anati, kwanu nkwanu, m'thengo mudalaka njoka. Mtima wa mtchona wa ku Naples ndi wa mtchona wa ku Fort Manning unali kudwala nthenda imodzi.

Yankho lachiwiri ndi makina. Nyimboyi inabadwa pa nthawi imene galamafoni inali kuyamba kulowa m'nyumba za anthu. Enrico Caruso, mwana wa ku Naples komweko, wobadwa mu 1873, ndiye anali woimba wotchuka koposa wa masiku amenewo, ndipo mau ake ankamveka bwino pa mbale za galamafoni kuposa a anzake ambiri. Mu 1916 anaimba 'O sole mio pa mbale ya kampani ya Victor ku America. Kuyambira pamenepo nyimboyi sinadikirenso woimba kuti akwere sitima. Inayenda yokha m'bokosi, niimba m'nyumba za anthu osadziwa ngakhale liu limodzi la chilankhulo chake.

CHOVALA CHATSOPANO

Nyimbo zambiri zimafa pamodzi ndi mbadwo umene unazikonda. Iyi inapulumuka chifukwa inalola kuvula mau ake akale ndi kuvala ena. Mu 1949 woimba wa ku America dzina lake Tony Martin anatenga chunicho, naimba mau atsopano a Chingerezi m'nyimbo yotchedwa There's No Tomorrow. Patapita zaka, mnyamata wina amene anali pa usilikali m'dziko la Germany anaimva nyimbo ya Martin, naikonda. Mnyamatayo anali Elvis Presley, amene anakhala msilikali kuyambira 1958 kufikira 1960. Anapempha kuti amlembere mau ena pa chuni chomwecho, ndipo Aaron Schroeder ndi Wally Gold anawalemba.

Elvis anaijambula nyimboyo mu April 1960 mu mzinda wa Nashville, ndipo inatuluka mu July. Ku America inakhala patsogolo pa nyimbo zonse masabata asanu, ndi ku Britain masabata asanu ndi atatu, ndipo inakhala imodzi ya mbale zogulidwa koposa m'moyo wake wonse. Mau atsopanowa sananene kanthu za dzuwa kapena za Naples. Anali a mnyamata wofulumiza bwenzi lake kuti asazengereze. Ng'oma zake zinali zovinika, zoyenera anyamata a nthawi imeneyo. Koma msana wa nyimboyo unali womwe uja wa 1898.

Pano tione chinthu chimodzi. Ku Britain mbaleyo inachedwa kutuluka miyezi ingapo chifukwa cha kukangana pa umwini wa chunicho. Di Capua anali atagona m'manda zaka zoposa 40, wosasiya chuma, koma anthu ena amoyo anali kulimbirana ndalama za ntchito yake.

NJIRA ZIMENE INAFIKIRA KWATHU

Amuna a dziko lino anawaona Ataliyana ndi maso. Asilikali athu a King's African Rifles anamenyana nawo ku Somaliland ndi ku Abyssinia mu 1940 ndi 1941; ndipo pomanga damu la Kariba, limene khoma lake linatha mu 1959, amuna ambiri a ku Nyasaland anagwira ntchito pansi pa amisiri a ku Italy. Komabe chuni cha ku Naples chinamveka kwambiri m'maiko ano kudzera pakamwa pa munthu wa ku America, m'Chingerezi, ndipo chinadza m'mabokosi awiri.

Bokosi loyamba linali galamafoni. Munthu wobwera ku ulendo ankafuna kuti mudzi uone kuti sanapite pachabe. Tsono pamodzi ndi njinga, bulangete ndi sutikesi, amene anali ndi mwayi ankabwera ndi galamafoni yopukusa ndi dzanja. Mbale yake inali yolemera ndi yosachedwa kusweka, mbali imodzi inkaimba ngati mphindi zitatu, ndipo singano inkafunika kusintha kawiri-kawiri. Pa mbale zotere panadza nyimbo za ku Johannesburg, za ku Bulawayo, za ku Congo ndi za kutsidya kwa nyanja.

Bokosi lachiwiri linali wailesi. Ku Lusaka kunali nyumba youlutsa mau yotchedwa Central African Broadcasting Station, imene inkalankhula kwa anthu akuda a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland m'zilankhulo zawo, kuphatikizapo Chinyanja. Mu 1949, mwa khama la mkulu wake Harry Franklin, kampani ya Ever Ready inapanga wailesi yotsika mtengo yotchedwa Saucepan Special, chifukwa maumbidwe ake anali ngati poto wophikira. Inkagulidwa mapaundi 5, batire lake padera. Anthu ankalemba makalata kupempha nyimbo ndi kupereka moni kwa abale akutali pa pulogalamu ya Zimene Mwatifunsa, ndipo mmodzi wa oulutsa mau otchuka kumeneko anali Alick Nkhata, woimba gitala, amene atate wake anali a ku Nyasaland. Mu 1964 dziko lathu linayamba kudziulutsira lokha mau pa Malawi Broadcasting Corporation.

Ife a m'malire tidziwa bwino kuti munthu pa Mwami aimitsidwa ndi kufunsidwa zikalata, ndi katundu wake apendedwa. Nyimbo yokha ndiyo siimitsidwa. Imalowa m'nyumba usiku kudzera pa waya wopachika pa mtengo, ndipo m'mawa mwana wopita kudambo ndi mbuzi aiimba ndi likhweru, wosafunsa kuti yachokera kuti.

CHIFUKWA CHAKE SIIKALAMBA

Pambuyo pa Elvis nyimboyi inabwereranso m'chovala chake choyamba. Luciano Pavarotti analandira mphotho ya Grammy mu 1980 chifukwa cha mbale ya nyimbo za ku Naples imene inatchedwa dzina la nyimbo yomweyi. Pa 7 July 1990, usiku wakuti mawa ndi mpira wotsiriza wa chikho cha dziko lonse, Pavarotti, Plácido Domingo ndi José Carreras anaiimba pamodzi mu mzinda wa Rome, anthu mamiliyoni ambiri akuonera pa kanema. Ku Britain amalonda anaikamo mau otsatsa ayisikilimu, ndipo ana a kumeneko anakula akuyesa kuti ndi nyimbo ya malonda.

Nanga mphamvu yake ili pati? Choyamba, nkhani yake ndi ya munthu aliyense: palibe mtundu wosadziwa dzuwa lotuluka mvula itakata, ndipo palibe wosadziwa nkhope imene aikonda. Chachiwiri ndi mamangidwe a chuni. Ndime iyamba pansi, modekha, ngati munthu wokamba nkhani pakhonde. Pofika pa kolasi mau alumphira pamwamba, natsika pang'ono-pang'ono ngati madzi otsetsereka pa thanthwe. Chapakati pa kolasiyo pali malo amodzi pamene chuni chida pang'ono, monga mtambo wodutsa pa dzuwa, kenaka chiwalanso. Motero wokondwa aimva ngati nyimbo ya chimwemwe, ndi wolira kwawo aimva ngati ya chisoni. Chachitatu, woimba wa mau amphamvu apezamo poonetsera luso lake, komanso munthu wamba aitha popanda kuphunzira.

Chachinayi ndi chimene tachiona kale, kuti inalola kusintha. Ichi si chachilendo kwa ife. Amai pa mtondo ndi pa chimtali amaika mau atsopano pa chuni chakale, kuti anene za mwamuna waulesi wa chaka chino kapena za mtengo wa feteleza. Mganda womwe unatengera perete wa asilikali, ndi malipenga ake a zikho, koma lero palibe angatiuze kuti si gule wathu. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo mudzi wanzeru ukabwereka ndi kumetera ana ake.

MWINI WAKE NDANI?

Tibwerere tsono ku nkhani ya ku Odessa ija. Mu 1972 kunamwalira nkhalamba ina ya ku Naples, woimba dzina lake Alfredo Mazzucchi, wobadwa mu 1878. Chaka chomwecho mwana wake wamkazi anakanena kwa a boma kuti atate wake, ali mnyamata, anagulitsa kwa di Capua machuni 23, ndi kuti chuni cha 'O sole mio chinakula kuchokera pa chimodzi cha zimenezo. Mlanduwo unatenga zaka 30. Mu October 2002 woweruza wa mu mzinda wa Turin, Maria Alvau, anagamula kuti Mazzucchi nayenso ndi mwini nyimboyo. Popeza lamulo la ku Italy lisunga umwini wa nyimbo zaka 70 mwini wake atamwalira, chigamulocho chinatanthauza kuti chunicho chidzakhala ndi eni ake kufikira 2042.

Taonani tsono anthu atatu amene anasenza denga limodzi. Awiri anadziwika maina koma anafa osauka. Wachitatu anakhala zaka zoposa 90, akumva chuni chake m'misewu, m'magalamafoni ndi pakamwa pa Elvis, dzina lake losalembedwa pa mbale. Chilungamo chinamfika ali m'manda.

Zoterezi zinachitikanso pafupi ndi ife. Mu 1939 Solomon Linda, Mzulu wogwira ntchito ku Johannesburg, anajambula nyimbo yake ya Mbube kwa kampani ya Gallo, nalandira mashereni owerengeka. Nyimboyo inaoloka nyanja, nivala mau ena, ndipo mu 1961 inatchuka dziko lonse ndi dzina lakuti The Lion Sleeps Tonight. Linda anamwalira wosauka mu 1962, ndipo ana ake anayamba kuona phindu lenileni pambuyo pa pangano la mu 2006.

PHUNZIRO KWA IFE

Sitinganene kuti nyimbo zathu tizitsekere m'nkhokwe kuopa akuba, pakuti nyimbo yotsekeredwa ifumbwa ngati chimanga. 'O sole mio ikadakhala mu Naples mokha, bwenzi itaiwalika monga inzake imene inaipambana pa mpikisano. Chofunika ndi chakuti nyimbo iyende, koma iyende ndi dzina la mwini wake pamsana.

Chitsanzo chabwino tili nacho m'dziko lathu lomwe lino. Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, wobadwa mu 1930, anaimba Linny Hoo zaka zambiri ndi gitala lake. Mu 2020 woimba wachinyamata Patience Namadingo anaiveka chovala chatsopano, koma sanaitenge mobisa. Anakhala pambali pa mkuluyo, naimba naye pamodzi. Nyimboyo itafalikira pa intaneti, makamaka pa TikTok, anthu a maiko akutali anaona nkhope ya mwini wake, namva dzina lake iye akali ndi moyo. Lilipo ndi lamulo lotithandiza: bungwe la COSOMA linakhazikitsidwa mu 1992 kuti liyang'anire umwini wa nyimbo ndi mabuku, ndipo lamulo la umwini linalembedwanso mwatsopano mu 2016.

Koma lamulo silingateteze dzina limene palibe analilemba. M'zaka za m'ma 1950 Hugh Tracey anayenda m'midzi ya Nyasaland ndi makina ojambulira mau, ndipo pa nyimbo zambiri analemba dzina la woimba, mudzi wake ndi chaka. Chifukwa cha kusamala kumeneko zidzukulu zingathe kupeza mau a agogo awo ku International Library of African Music, ku South Africa. Lero makina oposa a Tracey ali m'thumba la mnyamata aliyense wokhala ndi foni. M'midzi yathu ya kwa Mavwere muli nyimbo za mganda, za chimtali, za ukwati ndi za maliro zimene aliyense aziimba, ndipo za zina akalipo akulu amene akumbuka kuti anayambitsa ndi uje, chaka chakuti. Akulu amenewo akapita, nyimbo zidzatsala, koma maina adzapita nawo.

Chifukwa chake tipempha aphunzitsi, atsogoleri a magule ndi ana a sukulu amene awerenga nkhani ino kuti achite ntchito yaing'ono iyi. Pitani kwa agogo anu madzulo, muwapemphe aimbe, ndipo akatha muwafunse mafunso atatu: Anaipeka ndani? Anali wa mudzi uti? Chinali chaka chanji, kapena kunagwa chiyani chaka chimenecho? Mayankho ake muwalembe m'kope, ndipo kopelo mulisunge pabwino. Mwana wa Mazzucchi anadikira bwalo la milandu zaka 30 kuti dzina la atate wake lilembedwe. Inu mungathe kulemba la agogo anu usiku uno, nyali isanazime.